Sileti ya Achemwali

Tsiku lomaliza kuwaona achemwali anga a Enelesi ali moyo, anandipeza pa geti la koleji dzuwa lili paliwombo. Anali atakhala pa kakhoma ka njerwa, katundu wokulunga m'chitenje chobiriwira ali pamiyendo.

"Bwana Digiri," anatero, "mwanenepatu. Nyemba za kuno zikukuyanjani."

"Mwabwera bwanji osaimba foni, achemwali? Ndili ndi mayeso thu koloko."

"Ndikanaimba ukanati ndisabwere. Khala pansi apa, sindikuchedwetsa."

Anamasula chitenje chija. M'katimo munali kathabwa kakuda kosalala, kukula kwake ngati buku la kusukulu, chingwe chake, ndi cholembera chopanda inki. Ndinkakadziwa kathabwako. Achemwali anagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri mu situdiyo ya zithunzi, kukonza nkhope za anthu pa kompyuta. Ankachotsa ziphuphu pa masaya a akwati, ankaveka majekete amuna amene sanavalepo jekete. Mausi ya kompyuta inawatupitsa dzanja mpaka ankalephera kutsegula botolo, ndipo m'pamene anapeza kathabwaka. Umalemba pamwamba pake, mzere n'kumatuluka pa sikirini. Iwo ankakatchula kuti sileti.

"Ndi yako," anatero.

"Nanga inu mugwiritsa ntchito chiyani?"

"Ine ndikupuma kaye. Bweretsa dzanja."

Anandigwiritsa cholembera chija, zala zawo zili pamwamba pa zanga.

"Usachifinye ngati mpini wa khasu. Ndiponso tamvera, chinthu n'chimodzi: dzanja pano, maso uko pa sikirini. Ukangoyang'ana dzanja, wasokera."

Koma ine ndinkayang'ana dzanja, dzanja lawolo. Ndinaona chipsera cha mafuta otentha pa chala chachikulu. Ndinaona chikhadabo cha chala chapakati chimene chinaphwatalala chifukwa cha cholembera. Ndinaona kuti lamba wa wotchi yawo anali atabooledwa kabowo katsopano ndi msomali kuti wotchiyo isamagwe. Zonsezi ndinaziona, ndipo sindinafunse kanthu, sindinakwezenso maso. Belu litalira ndinakulunga sileti n'kuthamanga. Anandiitana kamodzi. Ndinangokweza mkono osacheuka.

Patatha masabata atatu tinawaika m'manda.

Pa maliro panalibe chithunzi chawo. Anthu sankakhulupirira. Munthu wa mu situdiyo, ayi ndithu? Koma zinali choncho. Ankakonda kunena kuti, "Ine ndimakonza nkhope za eni, yanga ndidzakonza ndikadzapeza mpata." Foni yawo inasowa tsiku la maliro lomwelo, pakati pa anthu amene ankaimba nyimbo za kumwamba. Kompyuta ya ku situdiyo mwini wake anali ataifufuta kale kuti mtsikana watsopano ayambepo ntchito. Chiphaso chawo chinali chitathyoka pakati, ndipo mng'alu unadutsa pa maso penipeni.

Anthu atabalalika, amayi anandiitanira kuseri kwa nyumba kumene ankatsuka mapoto a chigulu.

"Pa manda a mwana wanga sindimangapo chiliza chopanda nkhope," anatero, osasiya kukwecha. "Aliyense masiku ano akuikidwa nkhope pa mwala. Iye yekha akhale dzina ndi manambala? Iwe uli ndi zija anakupatsa. Undijambulire Enelesi."

"Ndijambula, amayi."

"Liti?"

"Posachedwapa."

Ndinabwerera ku koleji ndi sileti. Ndinailumikiza ku kompyuta ya mu laibulale, ndinagwira cholembera, ndinatseka maso kuti nkhope ibwere. Panabwera wotchi. Panabwera chipsera. Nkhope inali ngati nyumba imene wadutsapo tsiku ndi tsiku, koma wina akakufunsa kuti ili ndi mawindo angati, ukusowa choyankha. Ndinayesa sabata yonse. Mayeso aja a thu koloko ndinakhoza bwino kwambiri, ndipo aphunzitsi anawerenga dzina langa pamaso pa kalasi. Mawa lake ndinatuluka pa geti lomwe lija ndi chikwama chimodzi, ndipo sindinabwererenso.

Ndinafika m'tauni ina ya fumbi, kumene msewu waukulu umadutsa pakati pa msika. Sindikumbuka mwezi wake. Kunali shopu yosindikiza makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro, ya mayi Nasimango, mzimayi wamfupi wa magalasi olendewera pa kachingwe. Anandifunsa zimene ndimatha. Ndinati ndimajambula. Linali bodza, ndipo analiona pomwepo.

"Tulutsa tione."

Ndinalumikiza sileti. Kamuvi ka pa sikirini kanalumphira ku ngodya, kanabwerera, kanathawanso.

"Iwe, ukuthamangitsa nkhuku kapena ukujambula? Tenga mausi ngati anzako."

Sindinatenge mausi. Anandilola kukhala chifukwa ndinkadziwa kulemba Chingerezi chosalakwika pa makadi, ndipo masana shopu ikakhala zii, ndinkaphunzira. Mausi ndi chinthu choleza mtima. Ungainyamule n'kukaiika kwina, kamuvi kamangokhala pomwe unakasiya, kukudikira. Sileti siitero. Malo alionse pa sileti ali ndi malo ake pa sikirini, ndipo sasintha. Ukaika cholembera kumtunda kumanzere, kamuvi kali kumtunda kumanzere, ufune usafune. Zinanditengera nyengo yonse ya mango kuti dzanja livomereze zimenezi. Ndinaphunziranso makiyi awiri amene ukawadina pamodzi, mzere umene walakwitsa umachoka ngati sunakhalepo. Dzanja langa lamanzere linazolowera kugona pa makiyi amenewo.

Tsiku lina kunalowa mayi wovala zakuda, envulopu ili m'manja. M'katimo munali chithunzi cha amuna awo. Denga linadontha, ndipo madzi anadya theka la nkhope.

"Akuti pano mumabwezeretsa," anatero.

Ndinagwira ntchitoyo masiku awiri. Atabweranso anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali.

"Achimwene, mwayesetsa. Koma diso ili si la amuna anga. Ili ndi diso la munthu wamkazi."

Ndinaliyang'ana. Linali diso lopendekera pang'ono, lokhala ngati lamva nthabwala imene ena sanaimve. Linali diso la achemwali. Ndisanalankhule, mayi Nasimango anadutsitsa mkono pa phewa langa n'kudina makiyi awiri aja kangapo.

"Pepani mayi, mwanayu ndi watsopano. Akonza pompano."

Disolo linapita. Ndinayesa kulijambulanso madzulo amenewo, ndipo linatuluka diso wamba.

Lamulungu lililonse amayi ankaimba foni.

"Wadya?"

"Ndadya."

"Wajambula?"

"Ndatsala pang'ono, amayi."

"Chabwino. Anthu a kwaya akufunsa za chiliza. Ndawauza kuti mwana wanga ndi wa ku koleji, sachita zinthu mothamanga."

Ndinachoka m'tauni imeneyo mvula itayamba.

Ndinafika m'tauni ina ya njanji, kumene sitima inasiya kuima koma anthu ankayang'anabe mbali imene inkachokera. Kumeneko ndinakhala ndi a Likongwe, bambo wachikulire amene analemba zikwangwani za tauni yonseyo ndi burashi: magolosale, mabala, zigayo, ngakhale mawu a kumbuyo kwa malole. Tsopano anthu ankafuna zinsalu zosindikiza pa makina, ndiye mwana wawo anawagulira kompyuta imene iwo ankaiphimba ndi thaulo ngati mtembo. Ankafuna munthu woti aziigwira. Ine ndinkagona m'chipinda cha penti.

"Ndiye peni yako ya ufiti imeneyi?" anatero ataona cholembera. "Yopanda inki, yopanda fungo. Ukalemba nayo kalata kwa mkazi, akuyankha ndi chiyani?"

Ankandionerera ndikamagwira ntchito, atakhala pa chitini cha penti, akutafuna nzimbe. Tsiku lina anataya chikhambi n'kunena kuti, "Tasuntha."

Anagwira cholembera koyamba m'moyo wawo. Sanayang'ane sileti ngakhale pang'ono. Anakoka mzere umodzi, ndipo pa sikirini panatuluka S wamkulu, wopyapyala poyambira, wonenepa pamimba, wopyapyalanso pothera. Ine ndinali nditatha chaka ndisanatulutse mzere wotero.

"Mwachita bwanji, madala?"

"Ukakhala pa makwerero suyang'ana pamene pali burashi, mphwanga. Umayang'ana kumene ikupita. Dzanja limatsatira lokha, si mwana wakhanda." Anatembenuza cholembera n'kuyang'anitsitsa nsonga yake, kapulasitiki kakang'ono ngati njere ya mpunga. "Iyi si yako."

"Ndi ya achemwali anga."

"Yadyeka mbali imodzi. Ankaigwira choigoneka, ndipo dzanja lawo linali lopepuka. Iwe ukuiimika ngati msomali, ukuipha. Ali kuti?"

"Anatisiya."

Anandibwezera cholembera. "Ndiye ichotse. Ikatha imeneyi, yatha basi."

M'kachikho koikamo cholembera, kamene kanabwera ndi sileti, munali nsonga zina zitatu zatsopano. Ndinazula ya achemwali, ndinaikulunga m'kapepala, ndinaiika m'bokosi la machesi. Kuyambira tsiku limenelo bokosilo linkakhala m'thumba la shati.

Kumeneko nakonso kunabwera munthu wa envulopu. Anali bambo wa njinga ya kabaza, ndipo chithunzi chinali cha mwana wawo wamkazi, chotengedwa patali pa tsiku la masewera a kusukulu. Ankafuna kuti chikule. Ndinachikulitsa, ndinakonza pamene panasweka. Bamboyo anayang'ana, anavula chipewa.

"Ndi iyeyo. Koma pakamwa apa, aise, mwana wanga sankaseka chonchi. Uyu akuseka ngati akukuseka iweyo."

Nthawi imeneyi panalibe wodina makiyi koma ine ndemwe. Ndinadina.

A Likongwe anayamba kunjenjemera dzanja m'nyengo yozizira. Tsiku lina ndinawapeza atakhala pansi pa khoma la golosale, akuyang'ana chilembo chimene chinawakhotera. Mwana wawo anabwera kudzawatenga. Kompyuta anaikweza m'galimoto ili yophimbidwabe ndi thaulo.

Amayi anaimba Lamulungu limenelo.

"Wadya?"

"Ndadya."

"Wajambula?"

"Ndatsala pang'ono."

"Udzu wamera pa manda. Ndinakalima dzulo. Ndalimanso ndi pa manda a eni, sindinaone bwino malire."

Ndinaseka, iwonso anaseka. Sindinafunse chifukwa chimene sanaonere malire.

Pambuyo pake ndinadutsa malo ambiri. Kwina ndinkajambula maluwa a pa nsalu za mipingo. Kwina ndinkakonza zithunzi za ziphaso, kuwongola makolala ndi kutsegula maso a anthu amene anaphethira. Matauni ankafanana: depoti, msika, shopu ya kompyuta imodzi pakati pa saluni ndi butchala. Ndikafika, ndinkayala chitenje chobiriwira pa tebulo, sileti pamwamba pake. Ndikakhala ndekha ndinkatsegula tsamba loyera n'kuyamba nkhope ya achemwali. Mzere umodzi, makiyi awiri. Mizere itatu, makiyi awiri. Manja awo okha ndinawajambula kambirimbiri, ndi chipsera, ndi wotchi, ndipo aliyense wowaona ankati akhoza kuwagwira. Nsonga yoyamba inatha. Yachiwiri inatha.

Ndinafika m'tauni ina ya pa phiri, ya mphepo, kumene malole amaima kuti mabuleki azizire. M'mbali mwa msewu munali miyala yakuda yonyezimira itafoledwa ngati ana a sukulu. Mwini wake anali a Thombozi, munthu wamtali wosalankhulalankhula, amene ankagoba mayina ndi nkhope pa ziliza. Anandipatsa laputopu yakale yomangidwa ndi tepi pa hinjesi, popindikira pake. Ntchito yanga inali kukonza chithunzi kuti chikhale choyenera mwala, iwo n'kuchigoba ndi kamakina kolira ngati njuchi.

Chithunzi changa choyamba anachibweza.

"Wajambula mthunzi. Mwala ndi wakuda kale, suufuna mthunzi wako. Undipatse pamene pakuwala: chipumi, nsonga ya mphuno, m'mphepete mwa mlomo. Zinazo mwala umaliza wokha."

Tsiku lina anaima pambuyo panga akuyang'ana dzanja langa lamanzere.

"Zala izi zikuchita chiyani?"

"Zikufufuta ndikalakwitsa."

"Ndaziwerenga. Ukufufuta kuposa m'mene ukulembera." Anandionetsa manja awo oyera ndi fumbi la mwala. "Ine makiyi amenewo ndilibe. Ndikagoba, ndagoba. Ndiye ndimamaliza."

Kwa a Thombozi anthu sankabwera okhaokha. Ankabwera awiri kapena atatu, mkazi wamasiye ndi mlamu wake, ana ndi azakhali awo, ndipo ankakangana pa sikirini. Wina ankati mphuno yakula, wina ankati ayi, ndi momwemo. Wina ankakumbukira ndevu, wina ankakumbukira kamzere ka pakati pa nsidze. A Thombozi ankawasiya akangane, ndipo nkhope imene inkatuluka pamapeto pake inkaposa chithunzi chimene anabwera nacho. Ine ndinkamvetsera, ndinkakonza, ndinkasirira. Ndinalibe wokangana naye.

M'mawa wina ndikutsuka miyala, ndinaona munthu wa envulopu akutsika minibasi. Ndinapukuta manja kuti ndimulandire ngati kasitomala. Anali amalume anga a Gositino, mlongo wawo wa amayi.

"Ndiye kuno n'kumene kuli koleji yako," anatero akuyang'ana ziliza zija. "Anzako a m'kalasi ndi aulemu bwanji, salankhula."

"Takulandirani, amalume."

"Usandilandire, ndikubwerera ndi minibasi yomweyi ikatembenuka." Anandipatsa envulopu. Munali pepala la ku chipatala cha maso. "Diso lamanja la mayi ako linapita chaka chatha. Lamanzere latsala kachibowo, ndipo adokotala akuti nako kakutseka. Sanafune kuti ndikuuze. Akuti usokonezeka pa ntchito yojambula mlongo wako." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku mapazi. "Ntchitoyo ili pati?"

Ndinabwezera pepala lija mu envulopu.

"Ndinadziwa. Tamvera, mphwanga. Ife tagwirizana kuti chiliza timanga mvula isanagwe, nkhope ikhalepo kapena isakhalepo. Koma mlongo wanga akadzatseka diso lija asanamuone mwana wake, udzakhala nazo wekha. Ine sindidzakuthandiza kusenza."

Minibasi itapita ndinakhala pa mwala wina wosalembedwa. A Thombozi anatuluka ndi laputopu ija, anaitchaja mpaka kudzaza, anaiika m'chikwama changa.

"Batire lake limakhala maola awiri basi," anatero. "Ukabwera ndi nkhope, mwala ndili nawo."

Ulendo wobwerera unali ngati kukoka cholembera kuchokera ku ngodya ina ya sileti. Ndinadutsa tauni ya njanji, ndinaona zilembo za a Likongwe zikufufutika pa makoma. Ndinadutsa tauni ya fumbi, shopu ya mayi Nasimango inali itasanduka yogulitsa mafoni. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti ndadzinyamula n'kudziika kwina, ndipo zinthu zikundidikira pomwe ndinazisiya.

Ndinawapeza amayi pa khonde akusankha nyemba ndi zala, nkhope itayang'ana kumbali.

"Ndani?"

"Ndine, amayi."

Anaika lichero pansi. Anandigwira mutu, makutu, mapewa. "Waonda. Unkati wadya."

"Amayi, sindinajambule."

"Ndikudziwa."

"Sindikuikumbuka nkhope yawo. Tsiku lija anabwera ku koleji sindinawayang'ane. Ndinaona kuti akudwala, ndinaona pa dzanja, koma ndinathamangira mayeso. Anandiitana, sindinacheuke."

Amayi anasisita bondo.

"Anandiuza atabwerako," anatero. "Anati, Bwana Digiri athamanga ngati aba nkhuku. Anaseka mpaka kutsokomola. Ankafuna kukuuza kuti waiwala kumanga zingwe za nsapato." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Iwe waiwala nkhope. Ine ndimaiona tsiku lililonse, koma ndilibe dzanja. Kodi chinthu chakocho chikuyaka?"

Kwathu kulibe magetsi. Tinalowa m'nyumba, ndinatseka chitseko theka kuti kuwala kwa dzuwa kusaphe sikirini. Ndinayala mphasa, ndinayatsa laputopu, ndinatsegula tsamba lakuda ngati mwala, ndinasankha utoto woyera. Amayi anayang'ana n'kupukusa mutu.

"Sindikuona kanthu. Bweretsa kuno."

Anaikweza pamaondo awo, anaikokera pafupi, pafupinso, mpaka mphuno yawo inatsala pang'ono kugunda galasi. Anapendeketsa mutu kuti kachibowo ka diso lamanzere kapeze kuwala.

"Eya. Apa ndiye ndikuona. Kanthu koyera kakuyendayenda."

"Ndi kamuvi, amayi. Koma mukatero ine sindiona."

"Uona chiyani, poti waiwala? Khala apo."

Ndinakhala moyang'anana nawo, sileti pamiyendo panga, chingwe chili pakati pathu. Chimene ndinkaona chinali msana wa laputopu ndi tepi yake, ndi duku la amayi pamwamba pake. Dzanja langa lamanzere linafufuza makiyi awiri aja n'kupeza mphasa. Makiyi anali kwa amayi.

Ndinatulutsa bokosi la machesi. Ndinazula nsonga yanga yomaliza, ndinalowetsa ya achemwali. Nditaimika cholembera monga ndinazolowera, chinkakwecha ndi kukana. Ndinachigoneka pang'ono, ndinamasula zala, ndipo chinayamba kutsetsereka.

"Yamba ndi chipumi," anatero amayi. "Chinali chachikulu, cha kwa bambo ako."

Sileti siinama malo. Pakati ndi pakati, kumtunda ndi kumtunda. Ndinakoka kuwala kwa chipumi.

"Watsitsa. Kweza. Iwe, ameneyo ndi mwana wanga kapena dzungu?"

"Ndifufute?"

"Usafufute. Onjezera pamwamba, apo pakhale tsitsi. Ankalikokera kumbuyo ndi kalabala."

Ndinaonjezera. Maso anga analibe poyang'ana, ndiye anakhala pa nkhope ya amayi, pa gawo limene linkaoneka pamwamba pa laputopu: nsidze, makwinya, diso limodzi loyera, lina likulimbana ndi kuwala. Ndikalakwitsa nsidze zinkakumana. Ndikalondola zinkamasuka, mawu asanatuluke.

"Mphuno yaifupi. Ifupikitse. Basi, ima. Tsaya ili linali ndi kadzenje, limodzi lokha, la kumanzere."

"Kumanzere kwa ndani?"

"Kwa iyeyo, iwe! Ku koleji ankakuphunzitsani chiyani?"

Tinakangana pa khutu. Ine ndinati linali laling'ono, iwo anati sindikudziwa kanthu, analiboola okha ndi singano achemwali ali ndi zaka zisanu. Kenaka ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Koma ndolo ankavala imodzi, inayo inatayika pa ukwati wa kwa a Gositino," ndipo sindinadziwe kumene mawuwo anachokera.

"Eya," anatero amayi mwapansipansi. "Imodzi."

Titafika pa maso anasiya kulamula.

"Apa sindikuuza. Jambula."

Dzanja linapita lokha. Linapendeketsa mzere pang'ono pothera, linasiya kadontho koyera pambali, linadumphira ku diso lina. Linatsikira pa mlomo n'kukweza mbali imodzi. Ndinkamva nsonga ikutha pansi pa zala zanga, ikukhala yaifupi, pulasitiki ya cholembera itayamba kukhudza sileti. Laputopu inalira kamodzi kuchenjeza za batire.

Ndinayang'ana amayi. Nsidze zawo zinamasuka, ndipo madzi anatuluka m'maso onse awiri, ndi lakufa lomwe. Anakweza chala n'kukhudza galasi.

"Enelesi," anatero. "Mwana iwe, ukuseka chiyani?"

Ndinadikira, cholembera chili m'mwamba.

"Ndikonze pati, amayi?"

"Usakhudzenso. Tabwera uzungulire kuno."

Ndinaika sileti pa mphasa. Miyendo inali itachita dzanzi. Ndinazungulira n'kugwada pambali pawo, ndipo iwo anasendeza mutu kuti andipatse malo. Chipumi chinali ndi mizere iwiri, wolakwika ndi wolondola. Khutu limodzi linakwera kuposa linzake. Achemwali ankandiyang'ana, mlomo utakwera mbali imodzi, ngati munthu amene wakuitana ndipo akudziwa kuti ucheuka, ngakhale mochedwa.

Ndinawayang'ana mpaka laputopu inaliranso.

"Chikufuna chiyani?" anafunsa amayi.

"Chikufuna kuzima. Ndisunge msanga."

Kabokosi kanatuluka kofunsa dzina la fayilo. Achemwali ankati fayilo usamaipatse dzina la munthu, mayina amafanana, uziipatsa tsiku. Ndinafunsa amayi kuti lero ndi pa chiyani, pakuti ine ndinali nditasiya kalekale kuwerenga masiku. Anandiuza, ndipo ndinalemba.

Lachitatu, pa 21 Ogasiti 2024.